Kodi Kukongola Kuli ndi Mwini Wake?

Kodi anatiuza ndani kuti kukongola kwa mzinda wa Blantyre kumakhala ku Namiwawa, ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe, ndipo kuti ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri gawo lathu ndi fumbi, matope ndi majumbo ouluka ndi mphepo? Tinavomera liti zimenezi? Ena adzati funsoli ndi la anthu okhuta. Ufa wakwera, lendi yakwera, minibasi yakwera, inu mukubwera ndi nkhani ya maluwa? Kukongola sikudyedwa, amatero. Ife tikuti funsoli ndi la anthu a njala omwewo, ndipo kulisiya m'manja mwa okhuta ndi amalonda kwatipweteka kale, paphiri ndi pakhungu pomwe.

Ngati kukongola n'kwa olemera okha, n'chifukwa chiyani mayi wa ku Bangwe amadzuka kusanache kukasesa pabwalo pa nyumba ya lendi, nyumba imene mwina mwezi wamawa adzatulutsidwamo? Amasesa mpaka tsache lisiye mizere yoyalana bwino pafumbi, akudziwa kuti ana akangodzuka aipondaponda. Amamulipira ndani? Nanga uja amakwecha mapoto ndi mchenga mpaka awale, chonsecho nsima yophikidwa mu poto wamwaye ndi yomweyo? Nanga khonde lopaka polishi wofiira, nanga duwa lodzalidwa m'chitini chakale? Nanga telala wa pakhonde la golosale amene amamasula msoko wonse chifukwa maluwa a chitenje sanakumane bwino pamsana? Mwini chovalacho sakanaona n'komwe. Telala waona, ndipo mtima wake wakana. Pitani kumsika wa Ndirande kumene amisiri amakhoma mbaula, zidebe ndi makeni kuchokera ku malata otayidwa. Mbaula yopendama imaphika, komabe mmisiri weniweni sailola kuchoka m'manja mwake ili yopendama. Anthu amenewa sanawerenge buku la nzeru zakuya, koma manja awo ayankha kale kuti munthu sakhala ndi moyo pongodzaza mimba.

Anthu oganiza mozama alimbana ndi funsoli kwa zaka zoposa 2,000. Plato wa ku Athens ankaphunzitsa kuti kukongola ndi chinthu chenicheni chosasintha, chapachibale ndi ubwino ndi choonadi, ndipo nkhope kapena nyimbo yokongola imangotikumbutsa za icho. David Hume wa ku Scotland, polemba mu 1757, ankaona kuti kukongola kumachitikira mumtima mwa woonayo, komabe sanavomere kuti maso onse ndi ofanana: diso lozolowera kuyerekeza zinthu, lopanda tsankho, limaona bwino kuposa linzake. Immanuel Kant, mu 1790, anabweretsa mfundo imene ikutikhudza kwambiri kuno. Kwa iye chokongola ndi chimene chimatisangalatsa popanda kufuna kuchidya, kuchigulitsa kapena kuchitenga kuti chikhale chathu, ndipo tikachiona timayembekezera kuti aliyense avomerezana nafe.

Tiyese mfundoyi pa nthaka yathu. Kodi bambo amene ana ake agona ndi njala angayang'ane mtengo wa m'phiri osaonamo thumba la makala? Ife tikukhulupirira kuti amaona zonse ziwiri. Amaona mthunzi, amamva mbalame, amadziwa kuti mtengowo unamera iye asanabadwe, ndipo amaudulabe. Umphawi sunamuchotse maso. Wamukakamiza kuwononga chimene maso ake akuchikonda. Pa zinthu zonse zimene umphawi umalanda munthu, ichi sitichiwerenga kawirikawiri, koma n'chachikulu.

Akuluakulu amene anakulira ku Ndirande akukumbukira phiri lija lili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. M'zaka za m'ma 1990, pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha, nkhwangwa zinalowa, ndipo posakhalitsa phiri linametedwa mpala, minda ndi nyumba zikukwera m'mwamba. Soche, amene a ku Zingwangwa amamuona akangotsekula chitseko, anatsatira. Bangwe ndi Mpingwe chimodzimodzi. Michiru, amene a ku Chilomoni ankamunyadira kuti watsala yekha, nayenso akudyedwa ndi macheka masana dzuwa likuswa mtengo. Nthawi yonseyi aliyense wodandaula za mitengo ankauzidwa kuti akulirira maonekedwe pamene anzake akulirira chakudya.

Kenaka kunabwera Malichi wa 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku otsatizana, ndipo matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mvula ija inali yoopsa, ndipo palibe angalumbire kuti mitengo ikanapulumutsa aliyense. Koma mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, nkhalango imamwetsa madzi pansi m'malo mowathamangitsira m'makomo mwa anthu. Kodi kukongola kwa phiri lija ndi ntchito yake zinali zinthu ziwiri zosiyana? Pamene maso athu ankatiuza kuti phiri lanyansa, kodi sanali kutichenjeza kuti phiri ladwala? Tinawatcha maso amenewo a anthu okhuta, ndipo maliro anagwa kwa osauka.

Ndipo tisamangoloza chala bambo wa njinga yodzaza matumba. Makala amene amatsika nawo amaphikira ndani? Amalowanso m'mageti a nyumba za mipanda yaitali, zokhala ndi kapinga wothiriridwa. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mbaula inayaka m'nyumba ya bwana ndi ya wantchito wake mofanana. Kodi munthu amene amasamala maluwa a m'kati mwa mpanda wake, koma chakudya chake n'chophikidwa ndi mitengo ya Michiru, amakonda kukongola, kapena amangokonda chake?

Chimene tachita paphiri tikuchitanso pankhope. Pitani m'misika ya Limbe ndi Ndirande, tsekulani Facebook kapena WhatsApp, muone mabotolo ndi timachubu ta mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta otere amakhala ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol ndi betamethasone, amene anapangidwira matenda a pakhungu, odzola kanthawi kochepa dokotala akuyang'anira. Odzola miyezi ndi zaka khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, zipsera zotambasuka zimatuluka, chilonda chimachedwa kupola. Hydroquinone akachuluka amasiya zigamba zakuda m'masaya, zovuta kuchotsa, ndipo munthu amene ankathawa kuda amada moposa kale. Mercury amawononga impso ndi ubongo, amafikanso kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa mu 2015, Rwanda inachita kulowa m'masitolo kukawalanda. Pangano la mayiko la Minamata la 2013 linaika zodzola za mercury pa mndandanda wa zinthu zoyenera kutha. Nanga kuno? Tili ndi Malawi Bureau of Standards, tili ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA. Ngati mabotolowa amayezedwa, bwanji mayina a oopsawo sakumveka pa wailesi m'Chichewa tsiku ndi tsiku, kuti mtsikana wa ku Machinjiri awadziwe asanatulutse ndalama yake?

Koma tisathamangire kuseka mtsikanayo. Anthu amene amaseka nkhope yoyera ndi zala zakuda ndi omwewo anamutuma. Ndani amati mwana wathu wapeza mkazi woyera bwino, ngati kuti wapambana mayeso? Ndani amathamangira kuyang'ana nsonga za makutu a khanda kuti adziwe ngati lidzade, n'kupuma mozama akaona zadera? Ndani amapatsa mwana wakuda bii mayina achipongwe pabwalo la sukulu, aphunzitsi akumva? Ndani amasankha atsikana ovina m'makanema a nyimbo, olandira alendo m'maofesi, oimirira pa zikwangwani za malonda? Abambo, inu amene mumati mumakonda mkazi wachilengedwe, maso anu amatembenukira kuti mumsewu? Mtsikana uja si wopusa. Wawerenga bwino lomwe msika umene tamuikamo, ndipo akulipira ndi khungu lake.

Maonekedwe otamandidwa amasintha, izi n'zoona. David Livingstone podutsa m'madera a Shire mu 1859 anapeza amayi a Chimang'anja atavala pelele pamlomo wam'mwamba, ndipo lero palibe mtsikana angalole kubooledwa choncho. Mphini zimene agogo athu ankanyadira pamasaya ndi pamphumi zatsala pa nkhope zochepa za okalamba. Sitikunena kuti zonsezo zinali zabwino; zinali zopweteka, ndipo si onse anazisankha okha. Komabe pali kusiyana. Mphini zinkawonjezera pa thupi limene munthu anabadwa nalo, zinkanena kuti ndine wa kwakuti. Botolo likunena kuti chimene unabadwa nacho n'cholakwika. Phunziro limeneli tinalitenga kuti? Mzinda uno unayalidwa pa nthawi ya atsamunda motsata khungu: Mzungu pamwamba ndi pamalo okwera mphepo yabwino, Mmwenye pakati ndi sitolo yake, munthu wakuda kunja, m'makomboni, kumene ankachokera m'mawa kukagwira ntchito. Mbendera inasintha mu 1964. Kodi maso athu anasintha?

Pali funso lina lowawa limene sitingalilumphe. Ngati timakondadi kuyera kwa khungu, n'chifukwa chiyani abale athu achialubino akhala akusakidwa, kubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno, makamaka kuyambira 2014, ngakhale manda awo kufukulidwa? Dziko lomwelo limene likugula kuyera m'botolo likusala mwana wobadwa woyera. Ndiye chimene tikupembedza si mtundu wa khungu ayi. Ndi chuma ndi mphamvu zimene tinaphunzitsidwa kuti zimayenda ndi khungulo. Zimenezo si kukongola. Ndi mantha a munthu amene anauzidwa kuti ndi wotsika.

Makolo anatisiyira mwambi woti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timaugwiritsa ntchito kwambiri, makamaka polangiza mnyamata wofuna banja, ndipo timamaliza ndi kunena kuti mkazi ndi khalidwe. M'menemo muli nzeru, ndipo aphunzitsi a umunthu monga Augustine Musopole akhala akutikumbutsa kuti munthu amayezedwa ndi mmene amakhalira ndi anzake. Koma kodi mwambiwu sitinausandutse pobisalira? Ukuchenjeza za chinyengo, za kunja kumene sikugwirizana ndi m'kati. Sukunena kuti chilichonse chokoma m'maso n'chokayikitsa, kapena kuti kunyansa ndi umboni wa chilungamo. N'chifukwa chiyani timaukumbukira tikaona mtsikana wotchena, koma osaukumbukira tikaona msewu wosesedwa ndi kupakidwa laimu chifukwa mtsogoleri adutsa mawa, pamene ngalande za kuseri kwake zatsekeka chaka chonse?

Nthawi zambiri amene amalankhula za maonekedwe oyenera amakhala atagwira chikwapu. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, koma mu Januwale 2012 magulu a anyamata m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre anavula amayi ovala mabuluku, mpaka amayi anasonkhana mumzinda uno kudzudzula, Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, ali nawo. Kodi mnyamata amene akung'amba chovala cha mayi pagulu akuteteza ulemu uti? Ana a Chirasta anakanizidwa sukulu za boma kwa zaka zambiri chifukwa cha tsitsi lawo, kufikira Meyi 2023 pamene Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba anagamula kuti kutero n'kuphwanya malamulo a dziko. Tsitsi limene limamera lokha pamutu wa mwana wa Chiafirika linafunika khothi kuti liloledwe m'kalasi. Amene anatiphunzitsa kuti tsitsi lotero ndi uve ndani?

Mzinda nawo uli ndi chikwapu chake. Mu 2006, pa Operation Dongosolo, mavenda anachotsedwa m'misewu kuti tawuni ioneke bwino, ndipo kuyambira apo kuthamangitsana kwa mavenda ndi a khonsolo sikunathe. Palibe amakana kuti njira ya oyenda pansi iyenera kukhala yopitika. Koma kodi mzinda umakongola pobisa osauka ake, kapena powapatsa msika wokhala ndi denga, madzi ndi chimbudzi? Mayi wogulitsa tomato amene amamuunjika milu yofanana, wamkulu pansi, wofiira kwambiri pamwamba, kodi iyeyo ndiye uve wa mzinda?

Ife tikuona chonchi: kukongola kumene kuli m'manja mwathu ndi chisamaliro chimene chafika pooneka ndi maso. Wina adzatsutsa, ndipo adzakhala ndi mfundo. Dzuwa likamalowa kuseri kwa Michiru palibe analisamalira. Nkhope ya khanda palibe anaisema. Zoonadi, kuli kukongola kumene timangopatsidwa, ndipo okhulupirira amati n'kwa Mulungu. Koma ngakhale kumeneko kumatifunsa kanthu: kuti tikuone, ndipo tisakuwononge. Phiri tinapatsidwa. Khungu lakuda tinapatsidwa, ndipo limatiteteza ku dzuwa la kuno kuposa lina lililonse. Zonse ziwiri tazipala ndi manja athu pofunafuna china chimene tinauzidwa kuti n'choposa. Apa mpamene Kant anaona zoona: chokongola chenicheni sichifuna mwini. Phiri la Ndirande likanakhala lobiriwira, wokwera kabaza ndi wokwera galimoto lamtengo wapatali akanaliona mofanana, ndipo palibe akanachepetsa gawo la mnzake poliyang'ana. Kukongola kwa m'botolo n'kosiyana: kumagulitsidwa pokhapokha wina atadziona wonyansa.

Taonani tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Blantyre Mission, chimene alendo amachijambula mpaka lero. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi M'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za zomangamanga, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuwotchedwa konkuno. Dzina la Scott lili m'mabuku. Nanga manja amene anaumba njerwa za maonekedwe osiyanasiyana zija, n'kuziyala mpaka makoma ndi nsanja zinaima zaka zoposa 130, anali a yani? Anali a anthu akuda a dera lino. Mpaka lero zili choncho. Wosamalira maluwa ku Nyambadwe amagona ku Ndirande. Wopaka penti nyumba za ku Namiwawa amakwera minibasi ya ku Chilomoni. Ku Bangwe, fakitale yoluka imene inakhazikitsidwa pansi pa bungwe la MACOHA yakhala ikutulutsa nsalu ndi makapeti olukidwa ndi anthu olumala, anthu amene dziko limawayang'ana ndi chisoni m'malo mwa ulemu, ndipo ntchito ya manja awo imakakongoletsa nyumba za ena. Makomboni ndiwo amapanga kukongola kwa Blantyre. N'chifukwa chiyani kumatuluka m'mawa ndi antchito, osabwerera nawo madzulo?

Yankho lina lili pa ife eni. Mayi uja amene wasesa pabwalo mpaka mbee, zinyalalazo amakazitaya kuti? Nthawi zambiri mu Nasolo, mu Mudi, mu Naperi, mu Likhubula, kapena m'ngalande ya kuseri kwa nyumba ya mnzake. Chisamaliro chathu chimathera pamalire a puloti. Amayi a Mvano akavala zoyera zawo, zochapidwa ndi kusitidwa mopanda banga, amadumpha madzi onunkha popita kutchalitchi, ndipo tonse tazolowera kuona zimenezi osadabwa. Koma musanamudzudzule mayiyo, muuzeni kumene angakataye. Bini ili kuti? Galimoto ya zinyalala inafika liti kumtunda kwa Ndirande kapena m'kati mwa Bangwe, kumene msewu weniweni kulibe? Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, bwalo la Supreme linavomereza chiletsocho mu 2019, koma milandu ya makampani inapitirira kuchikoka miyendo kwa zaka, majumbo akudzaza mitsinje. Mu 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kusesa n'kwabwino. Koma mulu wosesedwa ukasiyidwa pambali pa msewu mpaka mvula iubwezere m'ngalande, tasesa chiyani?

Tsono tikufunsa a khonsolo ya mzinda, makhansala ndi aphungu a madera amenewa, inu amene mumagawa ndalama za chitukuko cha m'madera. Mwana wa ku Ndirande akafuna kukhala pansi pa mtengo osalipira, osathamangitsidwa ndi mlonda, apite kuti? Mitengo ya jakaranda imene imachita maluwa m'misewu ya m'tawuni nyengo yotentha inadzalidwa ndi anthu amene ankaganizira odzabwera. Mumsewu wa ku Zingwangwa mwadzalamo chiyani, ndipo mbande zimene mumadzala pamaso pa atolankhani nyengo ya dzinja, amazithirira ndani mu Okutobala? Anthu amene akukhala m'malo otsetsereka a Soche, mwawapezera malo ena enieni, okhala ndi madzi ndi sukulu, kapena mukudikira namondwe wina? Machinjiri ikukulabe, mapuloti akudulidwa mwezi ndi mwezi mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Pa mapu anu, ndi puloti iti imene mwailemba kuti iyi sigulitsidwa, ndi ya mitengo ndi bwalo la ana, ndipo ndani wasayinira kuti adzaiteteza wogula akadzabwera ndi ndalama m'manja?